Siling'i ikudontha popanda mvula, penti ikusupuka m'munsi mwa khoma

Kontilakitala: Akuluakulu anzanga, ndaitanidwa kuti ndikonze nyumba ina yomwe inamangidwa ndi anthu ena, ndipo ndikupempha nzeru zanu ndisanauze mwini wake zoti agule. Makoma ake ndi a njerwa zowotcha, okhuthala mamilimita 230, opakidwa pulasitala wa simenti mkati ndi kunja, ndipo denga lake ndi la malata, lokhala ndi siling'i ya mabolodi. M'mamawa pa siling'i pamaoneka madontho ngakhale usiku kukhale kuti kunalibe mtambo. M'munsi mwa khoma la kuchipinda chochezera penti ikufufuma n'kusupuka, ndipo pakutuluka ufa woyera. Kuseri kwa wadiropu, m'chipinda chogona, kwamera nkhungu yakuda. Mwini wake watsimikiza mtima kuti tichotse malata onse n'kuika atsopano, kenaka tipake makoma penti yosalowa madzi. Ine mtima wanga ukukana, chifukwa malatawo ndawayang'ana ndipo sindinapezepo chibowo.

Injiniya: Achimwene, mwachita bwino kuyamba mwafunsa, chifukwa zomwe mwafotokozazo sizikuchokera malo amodzi. Ndiyambe ndi madontho a m'mamawa. Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira: pa madigiri 30 kiyubiki mita imodzi ya mpweya imatha kusunga pafupifupi magalamu 30 a madzi, pomwe pa madigiri 20 imasunga pafupifupi magalamu 17 okha. Mpweya ukazizira kupitirira malire ake, madzi otsalawo amasanduka mame pa chinthu chilichonse chozizira chomwe mpweyawo wakhudza, monga momwe botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta. Ngati m'nyumbamo muli madigiri 25 ndipo chinyezi chili pa 80 peresenti, mame amayamba kupangika pa chinthu chomwe chazizira kufika pafupifupi madigiri 21 basi. Usiku wopanda mitambo lata limataya kutentha kwake mofulumira, ndipo limatha kuzizira kuposa mpweya wa kunja womwe. Choncho mame amadzaza kunsi kwa lata, amatsetsereka mpaka kukafika pa mtanda, n'kudontha. Malata atsopano adzachita chimodzimodzi usiku woyamba womwe.

Musanagwetse chilichonse, yesani izi. Kwerani mu siling'i dzuwa lisanatuluke, mutanyamula tochi, ndipo muone ngati kunsi kwa malata kwanyowa paliponse kapena malo amodzi. Denga lothonya limasiya kanjira ka dzimbiri kapena ka dothi kuchokera pa msomali kapena polumikizira malata, pomwe mame amanyowetsa lata lonse mofanana. Pa khoma la kuchipinda chochezera ndi la kuseri kwa wadiropu mumatepo pepala la aluminiyamu, mutseke m'mbali mwake monse ndi tepi, ndipo mulisiye masiku awiri. Likanyowa mbali yoyang'ana m'chipinda, madziwo akuchokera mu mpweya wa m'nyumba. Likanyowa mbali yokhudza khoma, madziwo ali m'khoma momwemo.

Kalipentala wa madenga: Ndikugwirizana ndi a Injiniya, koma ndikupempha kuti malata tisawachotse pa mlandu msanga. Muone ngati misomali inakhomedwa pamwamba pa nthiti za lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndiponso ngati malata akupitirirana mokwanira polumikizira. Ayenera kupitirirana mamilimita osachepera 150 chotsetsereka, ndipo denga likakhala logona kwambiri pamafunika oposa pamenepo, chifukwa mphepo imakankhira madzi chokwera.

Komabe chomwe ndikukayikira kwambiri ndi china. Amisiri ambiri amamanga njerwa mpaka kukakhudza malata, n'kutseka mipata yonse ndi matope pofuna kuletsa fumbi, mbalame ndi mileme. Cholingacho n'chabwino, koma malo a pakati pa siling'i ndi malata amatsala opanda polowera kapena potulukira mpweya. Nthunzi ya ku bafa ndi kukhitchini imakwera kudzera m'mipata ya magetsi, pa chitseko cholowera mu siling'i ndi m'mbali mwa mabolodi, n'kukakhala mmenemo kudikira kuti lata lizizire. Nthunzi yodutsa m'mipata yotereyi ndi yochuluka kwambiri kuposa yomwe imalowerera pang'onopang'ono m'bolodi lenilenilo, choncho ntchito ili pawiri: kutseka mipata ya siling'i kuti mpweya wa m'nyumba usakwere, ndi kutsegula denga kuti mpweya wa kunja uzidutsa. Muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi woti malo onse olowera ndi kutulukira mpweya akhale gawo limodzi mwa magawo 150 a kukula kwa siling'i, ena m'munsi m'mphepete mwa denga, ena pamwamba, onse otchingidwa ndi waya wa sefa. Muonenso matabwa a dengalo, popeza thabwa lomwe chinyezi chake chakhala choposa 20 peresenti kwa nthawi yaitali limayamba kuola.

Katswiri wa mapulani: Abambo anzanga anena za denga, ine ndinene za khoma, chifukwa penti yosalowa madziyo ndi yomwe ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Ufa woyera womwe mwauonawo ndi mchere womwe madzi amausungunula m'dothi, m'njerwa ndi m'matope omangira, n'kuusiya pomwe iwo aumira. Ukaoneka m'munsi mwa khoma mokha, osapitirira pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, nthawi zambiri madziwo akukwera kuchokera m'nthaka kudzera m'timabowo ta njerwa, kapena akuthovukira pa khoma mvula ikamagunda pansi. Khoma lotere likhoza kuuma pokhapokha ngati madzi ali ndi potulukira. Mukalipaka penti yotseka kunja, madziwo sadzatha. Adzakwera pamwamba pa pomwe afika pano, kapena adzatulukira mkati, ndipo mcherewo udzaunjikana kuseri kwa penti mpaka kuphwanya pulasitala.

Chonde gobani pulasitala pang'ono kunja, mufufuze DPC, lomwe ndi pepala losalowa madzi loyalidwa pakati pa mizere ya njerwa m'munsi mwa khoma poletsa madzi a m'nthaka kukwera. Iyenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa dothi kapena pa khonde lozungulira nyumba. Kawirikawiri DPC imakhalapo ndithu, koma wina anathira dothi la maluwa mpaka kuikwirira, kapena pulasitala anatsika osaduka kuchokera pamwamba mpaka m'nthaka, n'kupatsa madzi njira yoilambalalira. Muonenso kumene madzi a padenga akugwera. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, kutanthauza kuti denga la masikweya mita 100 limakhuthula malita 2,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha, ndipo ngati palibe magatala onsewo amathera m'mphepete mwa maziko.

Kontilakitala: Zikomo kwambiri nonse, ndachita monga munanenera. Kunsi kwa malata ndinapeza konse kuli mame, ndipo misomali ndi zolumikizira zili bwino. Njerwa zinafikadi pa malata mbali zonse, ndipo fani ya ku bafa ikutayira nthunzi mu siling'i momwemo, ilibe paipi yotulukira kunja. Pepala la kuseri kwa wadiropu lanyowa mbali ya m'chipinda, pomwe la kuchipinda chochezera lanyowa mbali ya khoma. DPC ilipo, koma khonde la simenti linathiridwa pambuyo pake mpaka kufika pamwamba pa mzere wake, ndipo latsetserekera ku nyumba m'malo mopita kunja. Nditathira ndowa ya madzi pakhondepo, madzi onse anakaima pa khoma. Funso langa tsopano ndi loti tiyambe ndi chiti, ndiponso ngati tingaike pulasitala watsopano nthawi yomweyo, popeza mwini wake akufuna kuona nyumba yopakidwa penti msanga.

Injiniya: Yambani ndi madzi ochuluka, omwe ndi a pansiwo. Khondelo liphwanyidwe ndi kutsitsidwa kuti DPC ikhale mamilimita 150 pamwamba pake, ndipo lithiridwenso motsetserekera kunja. Dothi lozungulira nyumba litsike pafupifupi mamilimita 150 pa mamita atatu oyambirira, magatala aikidwe, ndipo mapaipi ake akatayire madzi kutali ndi maziko. Zikatero mupite ku fani ya ku bafa, yomwe iyenera kupatsidwa paipi yotulukira kunja kwa khoma, kenaka mutseke mipata ya siling'i musanatsegule maventi a denga, malo olowera ndi kutulukira mpweya aja. Mukayamba ndi maventi siling'i ili yobowokabowoka, mphepo yodutsa pamwamba idzakoka nthunzi yambiri kuchokera m'zipinda. Za nkhungu, wadiropu isunthidwe pang'ono kuti mpweya uzidutsa kuseri kwake, chifukwa nkhungu imamera pomwe chinyezi cha pamwamba pa khoma chakhala choposa 80 peresenti kwa masiku ambiri.

Katswiri wa mapulani: Pa nkhani ya pulasitala, achimwene, muuzeni mwini nyumbayo zoona ngakhale zisamusangalatse. Gobani pulasitala yense yemwe ali ndi mchere, kupitirira pafupifupi mamilimita 300 pamwamba pa pomwe chinyezi chikuonekera, ndipo mcherewo muuchotse ndi bulashi youma, chifukwa madzi amaubwezera m'njerwa. Chiyerekezo chomwe timagwiritsa ntchito ndi choti khoma la njerwa limauma mamilimita 25 pa mwezi, choncho la mamilimita 230 lingatenge miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Simukuyenera kudikira nthawi yonseyo khoma lili lamaliseche, koma pulasitala watsopanoyo akhale wa simenti gawo limodzi, laimu gawo limodzi ndi mchenga magawo asanu ndi limodzi, popeza ameneyu amalola khoma kupuma ndipo sang'ambika msanga ngati wa simenti yambiri. Kunja pulasitalayo adukire pa mzere wa DPC, asafike pansi. Penti yoyamba ikhale yamadzi, yopyapyala, ndipo ya mafuta isakhudze khomalo kufikira mutamatanso pepala la aluminiyamu n'kupeza mbali yokhudza khoma ili youma.