Skripti ya bekapu ikukana pa Ubuntu, ikuti bash kulibe

Tembo: Odi akuluakulu. Ndili ndi vuto landisowetsa tulo. Ndinaikira sitolo ina ya mbewu ndi feteleza muno m'Chipata kasisitemu kolembera katundu. Database ndi MySQL, ili pa desikitopu yakale kuchipinda cha kumbuyo, Ubuntu 22.04. Ndinalemba skripti ya backup.sh yoti izichita mysqldump (kukopera database yonse m'fayilo imodzi) usiku uliwonse 02:00, n'kuiika mu crontab, mndandanda wa ntchito zomwe pulogalamu ya cron imayendetsa yokha nthawi yake ikakwana. Dzulo mwini sitolo wandifunsa za bekapu, poti alimi ayamba kubwera ndipo safuna kutaya mbiri ya ngongole za anthu. Kutsegula foda, mulibe ngakhale fayilo imodzi, milungu itatu yathunthu. Ndikaiyendetsa pamanja ikuti:

`/bin/bash^M: bad interpreter: No such file or directory`

Koma bash ilimo, ndikulembamo pano. chmod +x (kuilola fayilo kuti iziyenda) ndinachita kale. Mu VS Code fayiloyo ikuoneka yoyera, ^M sindikumuona paliponse.

Mulenga: Mwina mbewa zadya mawaya. Mwaiwala kuti kwanu kuno ngakhale mbewa ya kompyuta imakhala mwamantha?

Tembo: Ambuya, ndithandizeni kaye, za anyani anu tikamba mawa.

Naphiri: aTembo, yankho lili mu uthenga womwewo, kungoti maso amalumpha. Ubuntu sikunena kuti /bin/bash kulibe. Ikufuna pulogalamu yotchedwa bash^M, ndipo yoteroyo kulibedi. Lembani `cat -A backup.sh | head` mutiuze. Funso lina: fayiloyo inafika bwanji pa kompyuta ya m'sitolo? Munachita git clone kapena munaikopa?

Tembo: Mzere uliwonse ukutha ndi ^M$. Ndinakopa pa fulashi kuchokera pa laputopu yanga ya Windows, amayi. Tsiku limenelo bando inali itatha, ndinati bola ndingonyamula.

Naphiri: Basi, ndi pomwepo. Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF. Linux imafuna chimodzi, LF. ^M ameneyo ndi CR wotsalira. Git ya pa Windows mukaiika osasintha zomwe imakusankhirani, core.autocrlf imakhala true: mu repo (nkhokwe yomwe Git imasungiramo mafayilo anu) imasunga LF, koma mafayilo omwe ali pa disiki yanu imawapatsa CRLF. Mukanachita clone pa Ubuntu pomwepo simukanaona vuto. Inu munanyamula ya pa disiki, ndiye CR anakwera nawo fulashi.

Pa kompyuta ya m'sitolo chitani izi:

`sed -i 's/\r$//' backup.sh`

Iliponso dos2unix, koma imafuna apt install, ndipo mwati bando ndi ya mavuto. sed ilimo kale.

Zulu: Ana inu simunagwirepo taipilaita, ndiye CR mumamuona ngati chiwanda. Ine ndinaphunzira kutaipa pa makina a chitsulo. Ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kamalira, umakankha chogwirira: chonyamula pepala chimabwerera poyambira, pepala n'kukwera mzere umodzi. Ntchito ziwiri zimenezo. Kubwerera poyambira ndiye CR, nambala 13 mu ASCII. Kukweza pepala ndiye LF, nambala 10. Makina a teletaipi ankafuna zonse ziwiri, MS-DOS inatengera mwambo womwewo, Windows n'kulowa chokolo. A Unix anati chimodzi chikwana. Mac yakale nayo inali ndi zake, inkagwiritsa CR yekha mpaka Mac OS X itabwera mu 2001. Ndipo Notepad yayamba kuwerenga bwino mafayilo a LF mu 2018 momwemu. Kale ukatsegula fayilo ya ku Linux zonse zimangondandalika mzere umodzi wautali ngati msewu wa ku Lusaka.

Mwale: Nkhani ya amdala yakoma, koma aTembo musangochotsa CR lero n'kukagona. Mawa mukasintha skriptiyo pa laputopu n'kukopanso, abwerera. Mu repo ikani fayilo ya .gitattributes, mulembemo mzere uwu:

`*.sh text eol=lf`

Mukatero ngakhale pa Windows Git izikupatsani .sh ya LF. Koma fayilo yomwe ili kale pa disiki siisintha yokha. Ifufuteni ndi kuitulutsanso ndi `git checkout -- backup.sh`. Mu VS Code yang'anani pansi kudzanja lamanja, pamalembedwa CRLF kapena LF, mukadina pamenepo mumasintha. Ine sindikonda kudalira autocrlf chifukwa imakhala pa kompyuta ya munthu mmodzi. .gitattributes imayenda ndi repo, aliyense amene achita clone amaipeza.

Tembo: Zatheka! Pamanja yayenda, fayilo ya .sql yatuluka. Zikomo kwambiri amayi, zikomo aMwale. Chondidabwitsa n'chakuti milungu itatu yonseyi cron inali chete, osadandaula.

Naphiri: Inkadandaula, kungoti inalibe woiuza. cron imatumiza zolakwa pa imelo ya m'kompyuta momwemo, ndipo ngati mulibe pulogalamu yotumiza makalata imazitaya. Lembani `grep CRON /var/log/syslog`, mupeza mzere woti No MTA installed, discarding output. Kumapeto kwa mzere wanu wa crontab onjezani `>> /home/dzina/bekapu.log 2>&1` kuti zonse zizigwera m'fayilo yomwe mungawerenge.

Tembo: Ndabweranso, pepani. Papita masiku awiri. Usiku woyamba bekapu inatuluka, wadzulo ayi. Mu log mulibe cholakwa, mulibe kanthu kalikonse ka tsikulo.

Mulenga: Manje apa si mbewa. Malaiti analipo 02:00?

Tembo: Ndafunsa mlonda, akuti anapita cha m'ma 23:00, abwera m'mawa. UPS ya kompyutayo, kabatire kogwirizira malaiti akapita, ndi kaja kosafika mphindi khumi.

Mulenga: Ndiye mwapeza. cron siibweza ngongole. Nthawi ikakwana kompyuta ili yozima, tsiku limenelo lapita, imadikira 02:00 ina. Anailembera makina osazima usana ndi usiku, osati a kumbuyo kwa sitolo. Ikani anacron. Iyo siiyang'ana ola, imayang'ana tsiku lomwe ntchito inachitika komaliza, imalemba mu /var/spool/anacron. Kompyuta ikayaka n'kupeza kuti lero siinachitike, imaichita. Skriptiyo muiike mu /etc/cron.daily, ya mu crontab muichotse.

Naphiri: aMulenga anena zoona, koma pali kamsampha kamene kanandigwirapo ine ndemwe. Za mu /etc/cron.daily zimayendetsedwa ndi run-parts, ndipo pa Ubuntu ndi Debian run-parts imalumpha fayilo iliyonse yokhala ndi kadontho m'dzina. backup.sh idzangokhala phee, popanda uthenga uliwonse. Itcheni bekapu basi, opanda .sh. Kenako `run-parts --test /etc/cron.daily`, dzina lake lioneke pamndandanda. Kumbukiraninso kuti mmenemo imayenda ngati root (akaunti yolamulira kompyuta yonse), ndiye njira ya foda ilembedwe yonse kuyambira pa /, osati ~.

Mwale: Ine ndikanapita ku systemd timer, Persistent=true imachita zomwezo ndipo journalctl imakusungira zonse. Ilimo kale mu Ubuntu, palibe chotsitsa.

Mulenga: Mafayilo awiri, .service ndi .timer, chifukwa cha mysqldump imodzi? Mnyamatayu akadzachoka, wobwera pambuyo pake adzayamba kufufuza mu cron. Musiyeni aike pomwe anthu amayang'ana.

Mwale: Wobwera pambuyo aphunzire. Koma chabwino, zonse zigwira.

Zulu: Mukukangana za wotchi, ine ndifunse za nkhokwe. aTembo, fayilo ya .sql ikugwera kuti? Ngati ili pa disiki yomweyo ndi database, disikiyo ikafa zipita zonse pamodzi, ndipo kompyuta yozimidwa ndi malaiti usiku ndi usiku disiki yake siikhalitsa. Komanso munayesapo kuibwezeretsa? Pangani database yopanda kanthu, mulowetsemo fayiloyo, muwerenge ngati matumba a feteleza akufanana ndi a m'sisitemu.

Tembo: Ili pa disiki yomweyo, amdala, manyazi andigwira. Ndasankha anacron, aMwale mundikhululukire. Dzina ndasintha, run-parts --test ikuionetsa. Dzulo madzulo ndinazima kompyuta dala, m'mawa uno ataiyatsa a m'sitolo bekapu yatuluka yokha patapita mphindi zingapo. Kubwezeretsa ndayesa pa laputopu, manambala akugwirizana. Mwini sitolo wavomera kugula fulashi ziwiri, imodzi izikhala pa kompyuta, ina kunyumba kwake, tizisinthanitsa Loweruka. Chatsala n'choti skripti izikana kukopa ngati fulashi siinalowe, isamangolemba mu foda yopanda kanthu.

Naphiri: `mountpoint -q /mnt/fulashi || exit 1` pamwamba pa mzere wokopawo. Muilembere pa Ubuntu pomwepo ndi nano, fulashi ya ulendo uja isatibweretserenso alendo.