Valentine ana ali pakhomo, ndalama palibe: anzanga mumatani?

MakeTiya:
Moni nonse muno. Ndili ndi funso koma chonde musandiseke. Pa 14 Febuluwale pafika apa ndipo ine ndikufuna ndipangeko kenakake kunyumba, koma thumba ndye labooka kobasi. Bambo akunyumba anawadulira masiku kuntchito chaka chathachi, malipiro akumabwera operewera, ndye mukudziwa kale mmene Januwale amatisiyira, fizi, mayunifolomu, lendi, kangongole ka pa Khrisimasi sitinamalizenso kubweza. Zaka zonsezi tinkapita kukadya kwinakwake awiriwiri ana nkuwasiyira mng'ono wanga, koma pano anasamuka, wosiyira ana palibe, ndipo olo akanakhalapo ndalama yopitira kumeneko ikanachoka kuti.

Ana tili nawo awiri, wamkazi wa zaka 9 ndi kamwamuna ka zaka 5. Chandipangitsa kulemba ndi wamkuluyu. Dzulo tikudya anangoti "amama, adadi akugulirani chani pa Valentine? Mnzanga wati amake awagulira maluwa ndi chokoleti." Ine ndinangoseka nkumuuza kuti tadya iwe, koma bambo ake anangoti zii, kenako anadzuka ati akukaona ngati chitseko chatsekedwa. Chitseko chomwe anatseka okha. Zinandikhudza kwambiri.

Ndye tandigaireni nzeru, ndingapange chani choti tsikulo lisiyaneko ndi masiku ena, ana ali pompo, ndalama yogulira zinthu palibe, komanso bambowa asaone ngati tikuwamvera chisoni? Chomalizachi ndi chomwe chikundisowetsa tulo.

NaPhiri4:
Mayi musadandaule, ife chaka chino chikhala chachitatu tikupangira pakhomo ndipo ana anga pano amachita kuwerenga masiku ngati ndi befide yawo. Chinsinsi chake apatseni ntchito anawo, asakhale oonerera. Kwathu timapanga kuti pabalaza pasanduke lesitilanti, eni ake ndi ana, ine ndi bambo awo ndife makasitomala. Wamkulu amalemba menyu papepala long'amba mu kope lakale, chakudya chake ndi chomwecho chomwe tikanadya tsiku lililonse koma amachipatsa mayina apamwamba, madzi akumwa analemba kuti "juwisi woyera wa kumpopi" kkkk. Wamng'ono ndye weta, timamuveka shati yake ya kutchalitchi nkumukoleka kathawulo padzanja, amachita kutikokera mpando. Chaka choyamba anakhuthulira madzi onse pa thalauza la bambo ake nkunena kuti pepani bwana ndine watsopano pantchito, tinaseka mpaka misozi.

Ndimaphika ndine ndithu, koma ndimaphikiratu masana ndye madzulo ndimasamba, kuvala diresi ija imangokhala mu sutikesi kudikira ukwati wa anthu, nkutuluka panja ndi bambo kenako kugogoda ngati alendo. Magetsi timazimitsa dala nkuyatsa makandulo awiri. Tsono samalani ndi kamwana ka zaka 5 ko, kandulo ikhale pakati pa tebulo pomwe sikangafikire, kapena muike mu botolo lagalasi.

Mitima yokongoletsera ana amadula kuchokera ku makatoni akale nkupaka ndi makrayoni, zimawatengera Loweruka lonse ndipo nyumba imakhala phee, imeneyo ndye mphatso yanga yoyamba. Chomwe ndimagula ndi zophikira keke basi ngati zatha, ndipo sabata imeneyo chilichonse chomwe achikuta mu pepala lofiira ndimachilambalala, chokoleti chomwecho akangochiika mu kabokosi kooneka ngati mtima mtengo umakwera, pofika pa 15 amatsitsa okha chifukwa asowa wogula.

BamboAZione:
Mayi, ine ndiyankhe ngati mwamuna, chifukwa zomwe anachita amuna anu zokaona chitsekozo ndikuzidziwa bwino, ndinapangapo. Zomwe anena a NaPhiri nzabwino koma pali chimodzi, musawadzidzimutse. Ndikubwerezanso, musawadzidzimutse. Munthu akabwera kuntchito chimanjamanja nkupeza makandulo, mkazi watchena, ana akuyimba, sakondwa ayi, mumtima amangowerengera kuti onsewa andikonzera zonsezi ine ndabweretsa chani. Amadya koma chakudya sichitsika.

Khalani nawo pansi pasadakhale ana atagona, muwauze kuti chaka chino tagwirizana palibe wogulira mnzake kanthu, ndipo mukanena mutanthauze, osati pa tsikulo inu mwatulutsa masokosi mwati ndi kakang'ono chabe. Kakang'onoko kamapweteka. Kenako apatseni gawo lawo, kaya akonze nyimbo, kaya aphike ndi iwowo, kaya athandize ana kudula mitima ija, bola akhale mwini wake wa zochitikazo osati mlendo.

Ine chaka china ndinachita manyazi ngati amenewa nkukatenga ngongole ya chiwongola dzanja kwa munthu wina, ndinagula maluwa, perefyumu, tinakadya kuhotela, zithunzi pa Facebook mbwee. Madamu anasangalala masiku atatu. La chinayi wangongole uja anaimba foni ine ndili kubafa, anayankha ndi iwowo. Sindinenanso zambiri, maluwa anali atafota kale koma ngongoleyo ndinamaliza mu Epulo, ndipo mpaka lero akamva fungo la perefyumu ija amati fungo la chiwongola dzanja.

ChiphasoJr:
Koma anthuni tisanamizane, Valentine ndi ya anthu awiri. Ana ali ndi Khrisimasi, ali ndi mabefide awo, pano alowenso apa? Mawa mudzatiuza kuti tiitanenso apongozi kkkk

NaPhiri4:
A Chiphaso zikuonekeratu kuti simunakwatire. Ana amagona 8 koloko, atopa ndi uweta uja, usiku wonse wotsalawo ndi wa ndani? Ife mbale sititsuka tsiku limenelo, timatenga keke yotsala nkukhala pakhonde kumvera nyimbo zomwe tinkamvera tili pachibwenzi. Zinazo sizapagulu.

MphunzitsiWakale:
Ndaona nkhaniyi ndati ndiponyepo mawu, mundikhululukire ndimatalikitsa, ndi matenda a ntchito yathu. Mwana wanga MakeTiya, chomwe ndikufuna udziwe nchakuti zogulagulazi zinabwera mochedwa kwambiri pa tsikuli. Valentine weniweniyo anali mkhristu yemwe anaphedwa ku Rome cha m'ma 269, nthawi ya mfumu Claudius wachiwiri, ndipo Papa Gelasius ndi amene anakhazikitsa 14 Febuluwale ngati tsiku lomukumbukira m'chaka cha 496. Kwa zaka mazanamazana linali tsiku la kutchalitchi basi, za zibwenzi munalibemo. Zachikondizi zinayamba kumveka cha m'ma 1380 ku England pomwe mlakatuli Geoffrey Chaucer analemba kuti pa tsiku la Valentine mbalame zimasonkhana kusankha zinzawo zokhala nazo. Kuchokera apo anthu anayamba kulemberana makalata, ndi manja awo, papepala wamba.

Ndye tamverani iyi, ndimaikonda kwambiri. Imodzi mwa makalata a Valentine akale kwambiri m'Chingerezi omwe alipobe inalembedwa mu Febuluwale 1477, yochokera kwa mtsikana wina Margery Brews kupita kwa bwenzi lake John Paston, pano ikusungidwa ku British Library ku London. Mukudziwa nkhani yaikulu m'kalatamo? Ndalama. Kumeneko nthawi imeneyo bambo a mtsikana ndi amene ankapereka chuma mwana wawo akamakwatiwa, ndye bambo ake a Margery anakana kuwonjezera pa chomwe analonjeza, mtsikanayo nkumalembera mnyamata kuti ngati umandikondadi sundisiya chifukwa cha zimenezi. Anakwatiranadi chaka chomwecho. Ndye kuperewera kwa ndalama pa Valentine sikunayambe ndi inu ayi.

Makadi ogulitsa anafala m'zaka za m'ma 1800, ku America mayi wina Esther Howland wa ku Worcester anayamba bizinesi yake ya makadi cha kumapeto kwa m'ma 1840, ndipo chokoleti cha m'mabokosi okongoletsa anachitchukitsa ndi a Cadbury cha m'ma 1860. Amalonda sanalakwe, anaona mpata, koma tisamaone ngati ndi lamulo lochokera kumwamba.

A Chiphaso inunso, ku Finland tsikuli amalitcha tsiku la abwenzi, anthu amapatsa makadi anzawo wamba ndi achibale, ku Estonia chimodzimodzi. Ku Brazil tsiku la okondana ndi 12 Juni. Ku Japan pa 14 Febuluwale opereka chokoleti ndi akazi, amuna amadzabweza pa 14 Malichi. Ndye amene anagamula kuti ana saloledwa ndi ndani?

Langizo langa ndi limodzi, lemberanani makalata. Aliyense m'nyumbamo, ndi ana omwe, wamng'onoyo ajambule. Koma osalemba kuti "ndimakukondani" basi, zimenezo khadi la m'sitolo limanenanso. Lembani chinthu chenicheni chomwe munthuyo anachita, tsiku lakuti munachita chakuti. Ine malemu mayi akunyumba anandilembera kuti zikomo munandidikira pachipatala usiku wonse mutakhala pabenchi, pepalalo lili m'Baibulo langa mpaka lero.

ChiphasoJr:
Chabwino aphunzitsi ndagonja, koma apongozi ayi ndithu

Maluwa_Gal:
Ndiwonjezereko za maluwa poti ndinagwirapo ntchito mu shopu ya maluwa zaka zingapo. Musadzimvere chisoni kuti simunalandire marozi, sabata imeneyo ndi yoipa kugula. Marozi ambiri omwe amagulitsidwa ku Ulaya amalimidwa ku Kenya cha ku nyanja ya Naivasha ndi ku Ethiopia, amakwera ndege kupita ku msika waukulu wa Aalsmeer ku Netherlands, a ku America ambiri amachokera ku Colombia ndi Ecuador. Dziko lonse limafuna duwa lofiira lomwelo pa tsiku limodzi lomwelo, ndye alimi, a ndege, ogulitsa, aliyense amakweza. Ndipo ena amakhala atadulidwa kalekale nkusungidwa kozizira kudikira tsikulo, mukafika nawo kunyumba masiku ochepa aweramitsa mitu. Ngati bambo akufunitsitsa kubweretsa duwa, athyole lililonse lomwe lamasula pafupi, adule phesi mopendeketsa, achotse masamba am'munsi kuti asaviike m'madzi, aike mu botolo loyera, madzi muzisintha. Kapena apite ndi kamnyamatako kukathyola, ana amasankha maluwa oseketsa, udzu womwe amatengera limodzi.

MamaWaYankho:
Ine ndilibe bambo pakhomo, ndimapanga ndi mwana wanga basi, timalemberana timakalata nkuonera filimu titafunda bulangeti limodzi. Ndingoti musaiwale mtsikana wanuyo. Funso lomwe anafunsa lija sikuti amafuna maluwa, pa msinkhu umenewo amakhala akufufuza ngati kunyumba kuli bwino, anaona kale kuti zinthu zasintha, ana amaona zonse. Mumuuze zoona mwachidule kuti chaka chino ndalama ndi zochepa ndye tipanga zathu ndipo iwe ndye bwana wa zonse. Akakhala ndi choti akafotokoze kusukulu mawa lake, za mnzake uja aiwala. Komanso tsiku limenelo foni muiike patali, masitetasi a anthu amadwalitsa, ena mwa maluwa mukuwaonawo ndi a ngongole ngati a BamboAZione aja.

BamboAZione:
Mayi mwandilasa dala kkkk koma nzoona

MakeTiya:
Ndabweranso anthuni kuti ndikuuzeni mmene zinayendera. Ndinatsatira za BamboAZione, bambo akunyumba ndinawauziratu Lamlungu usiku kuti chaka chino palibe kugulirana. Poyamba anati iwe ukundiyesa, ndinachita kulumbira. Kenako anati ndye kuphika ndiphika ndine, munthu yemwe chikwatiraneni waphikapo mwina kanayi.

Tiya anatenga udindo mopitirira muyeso, analemba menyu, analembanso malamulo a lesitilanti nkumata pachitseko, lamulo loyamba "osabwera ndi foni", lachiwiri "osakamba za lendi". Lachiwirili ndinaliwerenga kawiri, a MamaWaYankho munanena zoona ana amamva zonse. Kamnyamata kanali weta kwa mphindi zisanu basi kenako kanati katopa nkukhala pamwendo pa bambo ake kumadya m'mbale mwawo. Chakudya chinapserera pang'ono pansi, keke ndinaphika ine inatuluka yopendekera mbali imodzi, makandulo anali awiri osiyana kutalika.

Makalata tinawerenga titamaliza kudya. Ya kamnyamata inali chithunzi cha anthu anayi ndi galu, galu tilibe, kati ndi wa chaka chamawa. Tiya analembera bambo ake kuti zikomo pano mumabwera msanga ndipo mumandithandiza masamu, kale mumabwera nditagona. Bambo aja anawerenga mokweza mpaka pakati, mawu anayamba kunjenjemera, anapinda pepala nkuika m'thumba la shati, nkudzuka ati akukaona chitseko. Tiya anawakuwira kuti adadi ndatseka kale ine, bwerani mudzalipire bilu. Bilu yake inali kutsuka mbale, ndipo anatsukadi, poto wopserera uja anamukwecha mpaka 10 koloko ine nditakhala pampando kukhitchini komweko kumawawerengera kalata yanga.