Mabatire a sola onse akuchokera ku China pomwe miyala ikukumbidwa kwathu kuno, zikutheka bwanji?

WaMasola_Randburg:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ine ndimaika masola kuno ku Joni, ndinayamba 2023 nthawi ija loadshedding inafika poipa, anthu aku Randburg ndi Fourways amangoimba foni usiku ndi usana. Chimene chimandiwawa ndi ichi, panelo iliyonse yomwe ndakwezapo padenga, invetala, batire, ukayang'ana pakatoni ndi China basi. Koma lithium ndi graphite za mkatimo zina zikukumbidwa konkuno ku Africa. Pano ndikumva kuti America ndi China akulimbirana miyala imeneyi, ndiye ife titolapo kanthu kapena tingoonerera magalimoto akudutsa ndi dothi lathu?

Mkulu_wa_Turffontein:
Achimwene nkhani yagona pa kuyenga osati kukumba. Kukumba aliyense atha, koma kuti dothi lija lisanduke chinthu cholowa mu batire pamafunika fakitale, mankhwala, magetsi ambiri ndi anthu odziwa, ndipo a China anayamba kalekale kumanga zimenezi ena akugona. Taonani Congo, cobalt pafupifupi 70 peresenti ya dziko lonse imachokera kumeneko koma yambiri imakayengedwa ku China. Mapanelo mukunenawo, opitirira 80 peresenti amapangidwanso komweko. Ndiye akakwiyitsana ndi America amangomanga pampopi, 2023 anayamba kufuna chilolezo potulutsa zitsulo za gallium ndi germanium, kenako graphite chaka chomwecho, mu April 2025 anafikanso ku ma rare earth aja amapangira maginito a galimoto zamagetsi ndi makina amphepo, mafakitale ku Ulaya anayamba kulira.

Tsono azungu atadzidzimuka ndi pomwe anakumbukira Africa. Biden anapita ku Angola mu December 2024 chifukwa cha njanji ya Lobito, yoti idzitenga kopa ndi cobalt ku Congo ndi Zambia kupita kunyanja ya Atlantic. A China nawo akuti akonzanso njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam. Muone bwino, wina akukokera kumadzulo wina kummawa koma njanji zonse ziwiri zikuthera padoko.

Anaphiri_Rosettenville:
Ine kwathu ndi ku Balaka ndiye nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Phiri la Kangankunde tinakula tikuliona, lero kampani yaku Australia ya Lindian ili pomwepo chifukwa cha ma rare earth. Ku Phalombe kuli Songwe Hill ya Mkango, ku Kasiya uko ku Lilongwe kuli rutile ndi graphite mpaka Rio Tinto inagula nawo masheya mu 2023. Malawi amene ankati alibe kanthu koma fodya uja tsopano aliyense akumudziwa njira. Koma abale tisaiwale Kayelekera, inatsegulidwa 2009, pofika 2014 mtengo wa uranium utagwa inaima, anthu ntchito zinatha. Mantha anga ndi amenewo, kuti tisaine mapepala mothamanga chifukwa tilibe forex kenako ana athu adzapeze maenje okhaokha. A Zimbabwe analetsa kutulutsa lithium wosayenga mu December 2022, ndipo makampani aku China omwe anagula migodi ya Bikita ndi Arcadia anamanga makina okonzera miyalayo konko. Sikuti afika popanga batire ayi, komabe ndi poyambira, ntchito zina zatsala mdziko.

Jimu_wa_Truck:
Mayi mwanena zoona koma pang'ono ndisiyane nanu. Kuletsa nkosavuta, pepala limodzi basi, nanga fakitale yoyengerayo idzayendera chani? Cyclone Ana itaononga Kapichira mu January 2022 tinataya ma megawati pafupifupi 130 magetsi ankangothimathima dziko lonse miyezi ndi miyezi, ndiye munthu angabweretse makina ake a mabiliyoni pamalo potero? Ngakhale konkuno, South Africa ili ndi manganese wambiri ku Northern Cape komanso platinum kuposa dziko lililonse, koma ma smelter, mafakitale osungunulira miyala aja, akhala akutsekedwa chifukwa magetsi akwera mtengo, manganese akungopita osayenga, ine ndimakumana nawo pamsewu magalimoto ake akupita kudoko. Indonesia inakwanitsa kuletsa kutulutsa nickel wosayenga kuyambira 2020 chifukwa ili ndi wambiri zedi moti ogula analibe kothawira, ife tikauma mutu tokha amangopita kwa neba, graphite ku Mozambique ndi Tanzania aliko. Nchifukwa chake ine ndimati SADC ikanamalankhula mawu amodzi pamitengo ndi misonkho, osati aliyense kukagwada payekha.

Komanso tisangoti China ndi woipa. Pakanapanda mapanelo otchipawa mayi anga kumudzi bwenzi akuyatsabe koloboyi. Azungu analonjeza South Africa 8.5 biliyoni ya madola ku Glasgow mu 2021 kuti isiye malasha, yambiri inali ngongole, ndipo mu March 2025 America inatulukamo.

WaMasola_Randburg:
Zikomo akuluakulu, ndatolapo zambiri. Za magetsi zo achimwene ndagwirizana nanu, msonkho wa 10 peresenti umene boma la kuno linaika pa mapanelo ochokera kunja mu 2024 ndinauona ndi maso, makasitomala amadandaula koma timagulabe a China omwewo chifukwa opangidwa kuno ndi ochepa. Anaphiri, mukamalankhula ndi akwanu ku Balaka mutifunsireko ngati anyamata a m'midzi yozungulira phiri lija akulembedwa ntchito ndiponso ntchito zake zotani, ine ndili ndi mphwanga anamaliza za magetsi ku koleji ya luso koma angokhala pakhomo, ndikufuna ndidziwe ngati ndimuuze adikire konko kapena abwere kuno tidzikwera limodzi madenga.