Za mwana wanga ndi masamu aja

Mwezi watha ndinafunsa momwe ndingathandizire mwana wanga wa Fomu 1. Kuchulukitsa kumamuzunguza mutu, koma mbiri yakale ya Egypt amachita kuimwa ngati thobwa. Zikomo bambo amene munati ndiphatikize ziwirizi.

Zathandizadi. Anthu akale a ku Egypt ankachulukitsa pongowirikiza. Pa 13 kuchulukitsa ndi 24, mwanayu amalemba 24, 48, 96, 192 (ndiye kuti 24 kuchulukitsa ndi 1, 2, 4 ndi 8), kenako n'kuphatikiza 24, 96 ndi 192, chifukwa 1, 4 ndi 8 zimapanga 13. Yankho ndi 312. Njirayi imapezeka mu gumbwa la Rhind (buku lakale la masamu la ku Egypt), lomwe analemba mlembi wina dzina lake Ahmes cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, ndipo pano lili ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London.

Aphunzitsi ake akufunabe njira ya m'buku pa mayeso, ndipo sindikuwatsutsa. Kugawa ndiye kudakamuvutabe.