Ndiikweze Hilux yanga kapena msinkhu wa zimenezi unadutsa?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, double cab, ndipo zaka 50 ndinadutsa. Ndikufuna kuikweza ndi mainchesi awiri, pafupifupi 50 mm, posintha mashoko ndi masipuling'i, kenako ndiike matayala okulirapo, achoke pa saizi ya 265/65 R17 afike pa 265/70 R17.

Si matama ayi, ngakhale mayi a kunyumba akuti ndi unyamata wochedwa. Mvula ikagwa, msewu wa kumunda ku Ntchisi umakumbika ndi malole ndi ngolo, ndiye galimoto imakhula pansi.

Koma makaniko wina wandisokoneza. Akuti kukweza kotereku, komwe amati lift, kumakweza chasisi ndi bodi basi, difu yakumbuyo (chitsulo chonenepa chija cha pakati pa matayala akumbuyo) imatsala pomwe inali. Difuyo imakwera pokhapokha tayala likakula, ndipo tayala ndatchulali lingowonjezera 13 mm yokha. Nanga ndalama zonsezo ndikulipirira chiyani? Akutinso kutsogolo ma CV joint, mfundo za zitsulo zozunguza matayala, amayamba kugwira ntchito atapendekeka, malabala ake n'kumang'ambika msanga, komanso galimoto ikatalika imapendama pokhota, makamaka itasenza matumba a chimanga.

Palinso mawondo angawa, omwe ayamba kale kudandaula pokwera. Amayi anga ndiye timachita kuwanyamula tikamapita nawo kuchipatala.

Inu amene munakwezapo yanu muli achikulire, mafuta ikumwa bwanji tsopano? A inshuwalansi munawauza, ndipo anati chiyani? Pa COF, poyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, sanakuvuteni? Kapena ndingogula matayala a all-terrain, oyenda pa tala ndi pa msewu wafumbi pomwe, ndiike chitsulo choteteza injini kunsi, nkhani ya lift ndiisiye?