Makope 3 adzaza, koma eni nkhani akadali ku pulayimale

ABanda: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Kuno ku Chipoka kuli mayi wina, namwino wopuma, akulemba buku la moyo wawo. Anayambira tsiku lobadwa, makope 3 atha, koma nkhani ikadali mu Sitandade 5. Tsopano agwa ulesi. Tiwauze chiyani?

Nachisale: Cholakwika ndi poyambirapo, aBanda. Woyambira kubadwa amalemba zomwe anangomva kwa makolo, ndiye nkhani imazizira. Asankhe nyengo imodzi, zaka 3 kapena 5, yomwe inawasintha. Mwachitsanzo, ntchito ya m'wodi ya ana pa njala ya 2002. Alembe mndandanda wa zochitika 15 za nyengoyo, mzere umodzi chilichonse. Kenako atenge chomwe akuchikumbuka bwino, osati choyambirira, achilembe masamba 2 kapena 3: anali kuti, nthawi yanji, panali ndani, anati chiyani. "Tinavutika kwambiri" si nkhani. Owerenga akufuna aone kapu yoyezera phala ndi mzere wa azimayi pakhonde. Makope akalewo asawataye, za ubwana zidzalowa apo ndi apo.

AMwale: Ndionjezepo. Achikulire ambiri amafotokoza bwino pakamwa, koma akagwira cholembera amayamba kulemba ngati lipoti la ku ofesi. Ajambuleni mawu pafoni, mphindi 30 basi, funso limodzi. Musapitirire, chifukwa ola limodzi lojambula limadya maola 4 kapena kuposa polilemba. Foni ikhale pansalu patebulo, m'nyumba. Pakhonde nthawi ya mwera mudzangomva mphepo yokhayokha.

ABanda: Nanga zaka? Zambiri akuti aiwala.

AMwale: Musafunse chaka, funsani ngati zinachitika chakutichakuti chisanafike kapena chitadutsa. Ngati fizi analipira mapaundi ndi mashereni, ndiye 1971 isanakwane, kwacha isanabwere. Riferendamu ndi ya pa 14 June 1993, chisankho pa 17 May 1994, pulayimale yaulere 1994 yomweyo. Satifiketi, kalata yowalembera ntchito, khadi la ubatizo ndi zolemba kuseri kwa zithunzi zimamaliza zotsalazo. Zikakanika, alembe "m'dzinja la chaka chomwe mwana wachiwiri anabadwa", osapeka deti.

Nachisale: Popeza ndi namwino, chenjerani ndi odwala. Dzina, mudzi ndi matenda a munthu zisaonekere pamodzi. Kusintha dzina lokha sikukwanira, chifukwa ku Chipoka aliyense adzamuzindikira "mkazi wa fundi wa ngalawa". Asinthenso ntchito yake ndi mudzi, ndipo anene koyambirira kwa buku kuti asintha. Achibale amene atchulidwa awerengeredwe gawo lawo lisanapite kosindikiza.

ABanda: Zamveka. Makopewo atayipidwe tsopano?

Nachisale: Ayi, dikirani zochitika 5 zatsopano zithe kaye. Pakadali pano jambulani tsamba lililonse pafoni, chiswe ndi kudontha kwa denga sizidikira.