Za ADC ija: vuto linali clock

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chifukwa chomwe SNR (kukula kwa signal poyerekeza ndi noise, koyezedwa mu ma dB) ya ADC yanga (kachipangizo kosintha signal ya analog kukhala manambala) ya 14 bit, yoyenda pa 250 MSPS (ma sample 250 miliyoni pa sekondi), imatsikira ndikakweza frequency ya signal. Pa 10 MHz zinali bwinobwino, koma pa 100 MHz inkagwa mpaka pafupifupi 64 dB. Ena munati ndione magetsi, ena ground. Ndinatero, ndinathira ma capacitor mpaka malo anatha pa bolodi, koma osasintha kanthu.

Amene munatchula jitter, kunjenjemera kwa nthawi ya clock yomwe imauza ADC nthawi yotengera sample, ndinu munalasa. Clock ndinkaitenga ku FPGA (chip ya digital yotheka kuipulogalamu), poganiza kuti clock ndi clock basi. Ayi ndithu. Signal ikamathamanga, kuchedwa pang'ono kwa nthawi yotengera sample kumasanduka kulakwika kwa voltage. Malire a SNR ndi -20log(2π × f × tj), pomwe f ndi frequency ya signal ndipo tj ndi jitter. Ikani 100 MHz ndi jitter ya 1 ps (picosecond imodzi), mupeza 64 dB, nambala yanga yomweyo! Ndinachita kuseka ndekha. Ma bit 14 papepala amalonjeza 86 dB, koma clock yonjenjemera sisamala zimenezo.

Ndinadula kanjira kochokera ku FPGA ndi kampeni, n'kulumikiza oscillator yapayokha ya jitter yochepa, kudzera mu bandpass filter ndi transformer. Tsopano ndikuwerenga SNR yopitirira 70 dB.

Chatsala ndi harmonic yachiwiri (signal yosafunika yotuluka pa frequency yowirikiza kawiri), yomwe ikadali pamwamba. Ndikukayikira balun (ka transformer kogawa signal m'mbali ziwiri zotsutsana) yomwe ili polowera signal mu ADC, mwina mbali zake ziwiri sizikufanana phase. Kodi alipo anayesapo kuika ma balun awiri motsatizana, ndipo zinathandiza?